Ngongole ndi Munda Wanu: Zimene Wokongoza Angachite ndi Zimene Sangachite

Kuno ku Angónia ngongole zambiri zimatengedwa pakati pa Novembala ndi Febuluwale. Imeneyi ndi nthawi imene kumunda kukufunika feteleza, nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo ana akufuna makope ndi yunifolomu poti sukulu zimatsegulidwa kumayambiriro kwa chaka. Eni ndalama amadikira mpaka mbewu zitacha. Ikafika Meyi ndi Juni, fodya ali m'zigafa ndipo mbatatesi zikupita ku misika ya m'malire monga ku Calómuè, amayamba kuyendera makomo. Ambiri amabwera mwaulemu. Koma ena amabwera ndi anyamata, kutukwana pabwalo, kumasula mbuzi, kapena kunena kuti: "Chaka chino munda uja ndilima ndine."

Funso limene anthu amatifunsa kawirikawiri ife alangizi a malamulo ndi lakuti: kodi munthu amene ndili naye ngongole angandilande munda? Yankho lake ndi lakuti ayi. Koma yankho limeneli lili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuti muwadziwe wokongoza asanafike pakhomo.

Malo sakhala chikole

Malamulo Aakulu a dziko la Moçambique, m'gawo 109, amanena kuti malo ndi a boma, ndipo sangagulitsidwe, sangaikidwe chikole, komanso sangalandidwe pofuna kubweza ngongole. Lamulo la Malo nambala 19/97, la pa 1 Okutobala 1997, linabwereza mfundo yomweyi m'gawo 3. Mu 2022 boma linavomereza ndondomeko yatsopano ya za malo, ndipo mfundo imeneyi sinasinthe.

Chimene inu muli nacho pa munda wanu ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kupindula nawo, umene pa Chipwitikizi umafupikitsidwa kuti DUAT. Ufulu umenewu munthu amaupeza m'njira zitatu: potsatira mwambo wa kwawo, pokhala pa malo mosabera wina kwa zaka zosachepera 10, kapena popempha ku boma. Wokongoza akakuuzani kuti "mulibe pepala, ndiye malowa si anu", sakunena zoona. Lamulo la mu 1997 linanena momveka kuti kusowa chikalata sikuchotsa ufulu wa munthu amene anapeza malo mwa mwambo kapena pokhalapo nthawi yaitali, ndiponso kuti umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo ndi wovomerezeka.

Ena amadandaula kuti: "Koma ine ndinadinda kale chala pa pepala lonena kuti ndikalephera kubweza atenge dimba." Pangano lotsutsana ndi lamulo lilibe mphamvu, ngakhale padindidwe zala khumi, ngakhale a nyakwawa anali pomwepo. Mfumu ili ndi udindo waukulu pa nkhani za malo, koma ilibe mphamvu yosandutsa munda kukhala pinyolo. Chimene chimatsala pa pepala lotere ndi ngongole yeniyeniyo. Ndalama zimene munalandira muyenera kubweza ndithu. Dimba ndi limene silipita.

Palinso chifukwa china chimene mapangano otere amawawira. M'midzi yambiri ya Achewa munda umayenda ndi mbumba, ndipo mkamwini amalima pa malo a kwa mkazi wake. Bambo akakongola ndalama mwakabisira n'kutchula munda umenewo ngati chikole, waika pangozi chinthu cha mkazi wake, cha ana ake, ndi cha alongo a mkaziyo, amene sanaone n'komwe ndalamazo. Mayi amene wapezeka m'vuto lotere asaope kupita yekha kukadandaula. Gawo 36 la Malamulo Aakulu limanena kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo.

Chenjerani ndi mawu akuti "ndingolimako zaka ziwiri kuti ndibweze ndalama zanga". Zaka ziwiri zimasanduka zisanu ndi ziwiri. Wolimayo amabzala mitengo, kukumba chitsime, ndipo akuluakulu amene ankadziwa malire amamwalira. Ufulu wanu sunathe, koma kuutsimikizira kumavuta chaka ndi chaka. Ngati mwasankha kubwereketsa munda, lembani chaka choyamba ndi chaka chomaliza, pakhale mboni za mbali zonse ziwiri, ndipo aliyense asunge pepala lake.

Zimene zingatengedwe

Chitetezo chimene tafotokozachi ndi cha nthaka. Sichiphimba chilichonse chimene chili pa nthakapo. Ng'ombe, ngolo, njinga yamoto, chigayo, mbewu zokolola, ndalama za ku banki: zonsezi khoti likhoza kulamula kuti zigwidwe ndi kugulitsidwa. Nyumba ndi zomanga zina zovomerezeka zikhoza kuikidwa chikole ku banki, ndipo lamulo la mu 1997 linalola zimenezi m'gawo 16. M'tauni monga ku Ulónguè nkhaniyi ndi yofunika kuisamala kwambiri, chifukwa nyumba ya m'tauni ikagulitsidwa, ufulu wa malo amene yakhalapo umapita limodzi ndi nyumbayo. Munthu amene wapereka nyumba yake ya m'tauni ngati chikole asadzitonthoze ndi gawo 109.

Koma amene amalamula kugwira katundu ndi khoti lokha. Gawo loyamba lenileni la malamulo oyendetsera milandu ya pakati pa anthu limaletsa munthu kugwiritsa ntchito mphamvu pofuna kudzitengera chimene akuti ndi chake. Wokongoza ayenera kukasuma ku khoti la boma ku Ulónguè. Khoti limakudziwitsani ndi chikalata, ndipo muli ndi mwayi woyankha: kukana ngongoleyo, kutsutsa kuchuluka kwake, kapena kuonetsa zimene munabweza kale. Pokhapokha izi zitachitika m'pamene wogwira ntchito wa khoti amabwera ndi chilolezo cha woweruza, kulemba katundu mmodzimmodzi. Katunduyo akagulitsidwa, ndalama zotsala pambuyo pa ngongole ndi zolipira za khoti zimabwerera kwa inu. Ngakhale apo, zofunda, zovala, miphika ndi ziwiya zina zimene banja silingakhale popanda izo sizigwidwa.

Chikalata cha khoti musachibise pansi pa mphasa. Pamakhala masiku owerengeka oti muyankhe, ndipo amene sayankha amataya mwayi wake ngakhale anali ndi chifukwa chomveka. Ngati simutha kuwerenga Chipwitikizi, tsiku lomwelo funani wokuwerengerani.

Nanga mukapereka nokha wailesi kapena njinga ngati pinyolo? Zimenezo ndi zololedwa, ndipo wokongoza akhoza kusunga chinthucho mpaka mutabweza. Chimene malamulo salola ndi pangano lakuti tsiku likadutsa chinthucho changokhala chake. Njinga ya mametikali 6,000 isapite chifukwa cha ngongole ya mametikali 1,500. Chinthucho chiyenera kugulitsidwa m'njira yovomerezeka, ndipo zotsala ndi zanu.

Kuopseza, kutukwana ndi kulowa m'nyumba

Gawo 68 la Malamulo Aakulu limateteza nyumba ya munthu. Palibe angalowemo mwini wake asakufuna pokhapokha woweruza atalamula, ndipo usiku palibe ayenera kulowamo popanda chilolezo cha mwini. Gawo 41 limateteza ulemu ndi mbiri yabwino ya munthu aliyense, wangongole yemwe. Choncho wokongoza ali ndi ufulu wobwera masana, kugogoda, kukukumbutsani, ngakhale kukuuzani kuti akakusumirani. Kunena kuti "ndipita ku khoti" si kuopseza. Koma kukuopsezani kuti akumenyani kapena kukutenthera nyumba, kuthyola chitseko, kumasula ziweto, kukutsekerani m'sitolo yake: iyi ndi milandu yaupandu, ndipo kukhala ndi ngongole sikukuletsani kukanena ku polisi kapena kwa loya wa boma wa m'boma lino.

Apolisi nawonso si otolera ngongole. Munthu samangidwa chifukwa chongolephera kubweza. Dziko lathu linalowa mu 1993 m'pangano la United Nations la ufulu wa anthu, limene gawo lake 11 limaletsa kutsekera munthu m'ndende pa chifukwa chokhacho chakuti walephera kukwaniritsa pangano. Chosiyana ndi pamene munthu anatenga ndalama mwachinyengo, monga kunama dzina kapena kugulitsa chinthu chimene si chake. Umenewo ndi mlandu wina.

Katapila

Tiyerekeze kuti mu Januwale mwatenga mametikali 2,000, pangano n'kukhala lakuti mwezi uliwonse muwonjezere theka. Mukalephera, chiwongola dzanja chimaphatikizidwa ku ngongole n'kuyambanso kubala. Pofika mu Juni, patatha miyezi 5, ngongoleyo yapitirira mametikali 15,000. Wina amakongoza thumba limodzi la chimanga pa nthawi ya njala n'kufuna matumba atatu pokolola. Palibe munda wa ku Dómuè kapena kwina kulikonse umene umabereka mofulumira chotere.

Malamulo a mapangano, m'gawo 282, amalola khoti kuthetsa pangano limene wina wapezerapo phindu lopyola muyeso potengera mwayi umphawi, kusadziwa kapena kusowa pogwira kwa mnzake. Khoti likhozanso kulikonza kuti likhale lachilungamo. Komanso ntchito yokongoza ndalama ndi chiwongola dzanja imafuna chilolezo cha Banco de Moçambique, ndipo kuichita popanda chilolezo ndi mlandu. Ichi n'chifukwa chake akatapila ambiri sakonda khoti: amakonda kulanda khadi la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi, makamaka kwa aphunzitsi ndi ena olandira malipiro pamwezi, kapena kusunga chiphaso cha munthu. Musapereke khadi lanu kapena chiphaso chanu kwa wokongoza aliyense. Ine ndimaona kuti munthu amene akukana kulemba pangano lake pa pepala wanena kale zambiri za panganolo.

Kodi ndinu wogula kapena wochita malonda?

Gawo 92 la Malamulo Aakulu limapatsa ogula ufulu wolandira katundu wabwino, wodziwitsidwa zoona, wotetezedwa pa chuma chawo, ndi wolipidwa akawonongeredwa. Lamulo nambala 22/2009, la pa 28 Seputembala 2009, ndilo linatambasula ufulu umenewu. Limakhudza munthu amene wagula chinthu choti agwiritse ntchito pakhomo pake: malata, foni, sola yolipira pang'onopang'ono. Musanasaine, funsani mtengo wogulira nthawi imodzi, chiwongola dzanja, kuchuluka kwa magawo olipira, ndi ndalama zonse pamodzi. Ngati chinthucho chinabwera chowonongeka, nenani msanga ndiponso molemba. Musangosiya kulipira mwakachetechete.

Ngongole ya zipangizo za fodya ndi yosiyana pang'ono. Kampani imapereka mbewu, feteleza ndi mankhwala, ndipo imadula mtengo wake pa tsiku logulitsa. Apa mlimi akutenga zinthu zochitira malonda, kotero chimene chimamuteteza kwambiri ndi pangano lenilenilo ndi malamulo a mapangano. Sungani pepala la chilichonse chimene mwalandira ndi la belo lililonse limene mwagulitsa. Amene ali m'kalabu afunse funso limodzi asanadinde chala: mnzathu akalephera, kodi tidzamulipirira? Pa ngongole wamba, munthu amasenza gawo la mnzake pokhapokha pangano kapena lamulo litanena choncho. Ngati panganolo likutero, sankhani bwino anzanu a m'kalabu.

Wangongole akamwalira

Maliro asanathe n'komwe, ena amafika ndi kope lawo. Ngongole ya malemu imalipidwa kuchokera pa katundu amene malemuyo wasiya, ndipo olowa m'malo salipira zoposa zimene alandira.  Mayi wamasiye sayenera kugulitsa mbuzi zimene anabwera nazo kuchokera kwawo chifukwa cha ngongole imene mwamuna anatenga payekha pa zofuna zake. Ngongole imene inatengedwa pothandiza banja lonse ikhoza kukhudza onse awiri, choncho funsani uphungu musanavomere kapena kukana. Ufulu wa munda umapita kwa olowa m'malo, aamuna ndi aakazi mosasiyanitsa, osati kwa wokongoza.

Akafika pakhomo

Musathawe ndipo musamenyane. Itanani anansi awiri kapena atatu kuti aone ndi kumva. Funsani wobwerayo dzina lake, amene wamutuma, ndi chikalata chake. Ngati akuti wachokera ku khoti, aonetse chiphaso ndi chilolezo cha woweruza. Musasaine pepala latsopano pa nthawi ya mkangano. Akatenga chinthu mwamphamvu, lembani tsiku, chinthucho ndi maina a mboni.

Mukabweza ndalama iliyonse, ngakhale mametikali 100, funsani lisiti. Gawo 787 limakupatsani ufulu umenewu, ndipo mukhoza kukana kulipira kufikira lisitilo litaperekedwa. Ngati mwalipira pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, musafufute uthenga wotsimikizira. Milandu yambiri ya ngongole imene imafika kwa ife siikhala yokana ngongole ayi. Imakhala yakuti wina akuti "ndinabweza theka" ndipo mnzake akuti "sindinalandire".

Ngati simungathe kubweza zonse, pitani nokha kwa wokongoza ndi ndondomeko imene mungakwanitse: zakuti pokolola soya, zakuti pogulitsa mbatatesi za kudimba. A nyakwawa kapena bwalo la m'mudzi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4/92, akhoza kukuyanjanitsani ndi kulemba zimene mwagwirizana. Bwalo limeneli silimanga munthu m'ndende, siligamula kuti munda upite kwa wokongoza, ndipo amene sanakhutire ndi chigamulo chake ali ndi ufulu wopita ku khoti la boma. Amene alibe ndalama zolipira loya apite ku IPAJ, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lithandize osauka pa milandu kwaulere. Popita kumeneko tengani chiphaso chanu, pangano ngati linalembedwa, malisiti onse, ndi munthu mmodzi amene analipo tsiku limene munalandira ndalamazo.