Kukonzekera Ulendo wa pa Phiri la Mulanje

Munthu akaima pa boma la Mulanje m'mawa kunja kutayera bwino, amaona phiri lalikulu litaima ngati khoma kuseri kwa minda ya tiyi. Phiri limeneli ndi lalitali kuposa mapiri onse a m'Malawi. Nsonga yake yaitali koposa imatchedwa Sapitwa, ndipo kutalika kwake ndi mamita 3,002 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Chaka ndi chaka ana a sukulu, magulu a achinyamata ndi alendo ochokera ku maiko ena amakwera phirili kukaona mathithi, mapanga ndi mitengo ya mkungudza. Ambiri amapita ndi kubwerako bwino. Koma alipo ena amene adapita osabwerako.

M'chaka cha 2003 mayi wina wa ku Netherlands adanyamuka yekha kulunjika ku Sapitwa, ndipo sadaonekenso ngakhale anthu adamfunafuna masiku ambiri. M'mwezi wa Julaye 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adasiya womlondolera njira napitiriza ulendo yekha, atavala zovala zopepuka. Nyengo idasintha iye ali pamwamba, ndipo njira idamsokonekera. Mtembo wake udapezeka patapita masabata pafupifupi atatu. Sadagwidwe ndi chilombo ayi. Chidamupha ndi chisanu.

Nanga chisanu chingaphe bwanji munthu m'dziko lofunda ngati lino? Yankho lake lili pa kutalika kwa phiri. Munthu akamakwera, mpweya umanka nuzizira. Pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tsono munthu angathe kunyamuka ku Likhubula thukuta lili kamukamu, koma pofika pamwamba mano ali gwegwegwe. M'miyezi ya Juni ndi Julaye usiku kumazizira kotero kuti nthawi zina mame amauma pa udzu nasanduka madzi oundana.

Palinso chiperoni. Imeneyi ndi mphepo yozizira yochokera chakummwera kwa kummawa, imene imabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chiperoni chikafika, nkhungu imakuta phiri m'kanthawi kochepa, mwakuti munthu sangaone mnzake amene ali patsogolo pake pang'ono. Matanthwe amanyowa nayamba kuterera. Chiperoni chimatha kukhala masiku awiri, atatu, kapena kupitirira apo.

Kaamba ka zimenezi, ulendo wa paphiri umayambira kunyumba. Oyenda amayamba auza makolo kapena aphunzitsi awo njira imene adzadzere, malo amene adzagone ndi tsiku limene adzabwere. Ndi bwino kulemba zonsezi papepala pamodzi ndi maina a onse a paulendowo. Pofika patsinde pa phiri amalembetsanso ku ofesi ya zankhalango, monga ya ku Likhubula. Zimenezi zingaoneke ngati zotayitsa nthawi, koma phiri la Mulanje ndi lalikulu kwambiri, ndipo lili ndi zigwa ndi ming'alu yosawerengeka. Anthu ofunafuna munthu wosowa akadziwa njira imene iye adalowera, amayambira pomwepo. Akapanda kudziwa, amangoyendayenda m'phiri monse pamene mnzawoyo akulefukira.

Patsinde pomwepo pamapezeka anthu olondolera njira ndi onyamula katundu. Ambiri a iwo adabadwira m'midzi yozungulira phirili. Amadziwa mtsinje umene umadzaza msanga, thanthwe limene limaterera, ndiponso mtambo umene ukubweretsa mvula. Iwo akanena kuti lero sikoyenera kukwera, mlendo wanzeru amamvera. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Gulu labwino limakhala la anthu osachepera anayi. Chifukwa chake ndi ichi: mmodzi akavulala, wachiwiri amatsala naye kumsamala, pamene awiri otsalawo amapita limodzi kukaitana thandizo. Motero palibe amene amakhala yekha, wovulala kapena wopita kukaitana anthu. Poyenda, gulu limatsata liwiro la munthu wofooka koposa, ndipo munthu wamkulu mmodzi amayenda pambuyo pa onse.

Katundu wa paphiri sayenera kulemera, koma pali zinthu zimene siziyenera kutsala. Aliyense amafunika juzi, jekete lotchinga mvula, chipewa ndi nsapato zolimba zimene adazizolowera kale, pakuti nsapato zatsopano zimatulutsa matuza. Zovala zosinthira ndi bulangete zimakulungidwa m'pepala lapulasitiki kuti zisanyowe, ndipo machesi nawonso amasungidwa chimodzimodzi. Pamafunika botolo la madzi, tochi ndi mabatire apadera, wenzulo, mabandeji ndi mankhwala otsukira bala. Kamba wabwino ndi wosachedwa kuonongeka, monga mtedza wokazinga, mbatata yootcha, buledi ndi shuga, ndipo amatengedwa woposerapo wa tsiku limodzi. Foni ya m'manja imathandiza, koma m'zigwa zambiri simugwira, ndipo batire lake limatha msanga kukazizira. Nchifukwa chake imasungidwa yozimitsa m'thumba lam'kati kufikira itafunika.

Pamwamba pa phiri pali tinyumba togona alendo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi Chisepo. Anthu opita ku Sapitwa kawirikawiri amagona pa Chisepo nalawira m'mamawa. Asadanyamuke amapangana nthawi yobwerera. Amati, "Ikakwana 12 koloko tisadafike pansonga, tibwerere." Pangano limeneli ndi lovuta kulisunga. Munthu akaona nsonga ili pafupi, mtima umamuuza kuti apitirire pang'ono pokha. Komatu m'nyengo yozizira dzuwa limalowa 6 koloko isadakwane, ndipo kutsika pa matanthwe mumdima ndi koopsa kuposa kukwera. Ngozi zambiri zimachitika potsika, pamene miyendo yatopa ndipo maganizo ali kale kunyumba.

Nanga munthu akazindikira kuti wasokera achite chiyani? Choyamba aime. Mantha amauza munthu kuti athamange, koma wothamanga m'nkhungu angathe kugwera kuphompho, ndiponso amanka natalikira pamalo pamene anzake adamuona komaliza. Akhale pansi, apume, amwe madzi, kenaka ayese kukumbukira chizindikiro chomaliza chimene adachiona. Ngati njira sikuoneka, afune malo obisalira mphepo, monga kuseri kwa thanthwe, ndi kudikira pomwepo. Aziimba wenzulo katatu, kupumira, ndi kuimbanso katatu. Wenzulo imamveka kutali kuposa mawu a pakamwa, ndipo siitopetsa munthu monga kufuula. Usiku awalitse tochi mwa njira yomweyo. Masana ayale chovala chowala, monga chofiira, pamwamba pa thanthwe kuti chionekere patali.

Anthu ena amaganiza kuti wosokera atsate mtsinje chifukwa madzi amapita kumudzi. Kuchidikha nzeru imeneyi ingathandize, koma pa Mulanje ndi msampha. Mitsinje monga Ruo ndi Likhubula imatsika phiri podzera m'mathithi ndi m'maphompho momwe munthu sangadutse.

Mdani wamkulu wa munthu wodikira ndi chisanu chija. Zovala zonyowa pamodzi ndi mphepo zimachotsa kutentha m'thupi mofulumira. Poyamba munthu amanjenjemera. Kenaka amayamba kupunthwapunthwa, zala zimakanika kumanga chingwe cha nsapato, ndipo amalankhula ngati woledzera. Pambuyo pake amafuna kugona. Akaleka kunjenjemera pamene thupi lake likadali lozizira, si kuti wapeza bwino ayi, koma kuti moyo wake uli pangozi. Anzake amchotse pamphepo, amvule zonyowa ndi kumveka zouma, amfunditse bulangete kuphatikizapo mutu. Asagone padothi kapena pathanthwe. Amuyalire udzu kapena zikwama pansi, pakuti nthaka imayamwa kutentha kwa thupi. Mnzake mmodzi agone moyandikana naye kuti amfunditse. Ngati ali maso ndipo angathe kumeza, ampatse tiyi wofunda wa shuga. Mowa sayenera kumpatsa, chifukwa umangonamiza munthu kuti wafunda pamene thupi likutaya kutentha.

Munthu wobinya mwendo amamangidwa bandeji napumitsidwa. Koma wogwa kuchokera pamwamba, amene akumva kuwawa m'khosi kapena msana, asanyamulidwe mwachisawawa. Afunditsidwe pomwepo kufikira atabwera anthu odziwa ndi machira. Wolumidwa ndi njoka akhale chete osayendayenda, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala msanga. Kutema pabala, kuyamwa ululu ndi kumanga mwendo kolimba ndi luzi kumangoonjezera vuto. Awiri opita kukaitana thandizo aja atenge kalata yonena malo enieni pamene wovulalayo ali, nthawi imene ngozi idachitika ndi mmene wavulalira, chifukwa munthu wofika wefuwefu amaiwala zambiri.

Nyengo yadzinja ili ndi zoopsa zakezake. Kamtsinje kamene munthu adakalumpha m'mawa kangathe kudzaza masana chifukwa cha mvula imene yagwa kumtunda, kumene iye sadaione. Madzi othamanga ofika m'maondo ndi okwanira kugwetsa munthu wamkulu. Mitsinje ya m'phiri imadzaza msanga ndi kuphwanso msanga, tsono ndi bwino kudikira. Mabingu akayamba, oyenda achoke pansonga ndi pansi pa mtengo woima pawokha. Mvula ikagwa masiku ambiri motsatizana, nthaka ndi miyala zimatha kugumuka, monga zidachitikira ku Phalombe mu 1991 ndiponso m'maboma a Mulanje ndi Phalombe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zotere ulendo umaimitsidwa.

M'chilimwe choopsa ndi moto. Udzu wa paphiri ukauma, kamoto kakang'ono kamene munthu wasiya kangathe kutentha dera lalikulu pamodzi ndi mbande za mkungudza, mtengo umene kwawo kwenikweni ndi pa phiri lokhali. Wophika azimitse moto wake ndi madzi, ndipo asachoke kufikira phulusa litazizira.

Oyenda akatsika, amapitanso ku ofesi kuja kukanena kuti abwerako, ndipo amadziwitsa a kunyumba. Akaiwala kutero, anthu ena angathe kukwera phiri usiku ndi m'nkhungu kukafuna munthu amene ali gone pamphasa pake.

Mafunso

1. Kodi nsonga ya Sapitwa ndi yaitali mamita angati?
2. Chifukwa chiyani gulu lokwera phiri liyenera kukhala la anthu osachepera anayi?
3. Fotokozani zimene munthu wosokera m'nkhungu ayenera kuchita.
4. Kodi munthu amene wagwidwa ndi chisanu amaoneka bwanji, ndipo angathandizidwe motani?
5. Perekani tanthauzo la mwambi uwu: safunsa adadya phula.