Khanda ligone chagada: Sunnah sitsutsana ndi achipatala

Amayi a m'midzi yozungulira Mdeka akapita ku sikelo amalangizidwa kuti khanda lizigonekedwa chagada. Asilamu ena akafika kunyumba amayamba kukayika, pakuti tonsefe tidaphunzira ku madrasa kuti Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) ankagonera mbali ya kumanja. Funsoli latipeza kangapo pambuyo pa Swala ya Jumu'ah: timvere anamwino kapena titsate Sunnah?

Palibe kusemphana apa. Sunnah imeneyi ndi ya munthu wotha kudzitembenuza yekha. Khanda silinasenzetsedwe lamulo lililonse, ndipo moyo wake ndi amanah m'manja mwa makolo. Likagona chammbali limagubuduka mosavuta n'kukhala chafufumimba, mphuno n'kukanikizika pa chogonera pomwe khosi lilibe mphamvu yodzutsa mutu. Ku Britain mu 1991 ndi ku America mu 1994 atayamba kulimbikitsa kugoneka ana chagada, imfa zadzidzidzi za makanda m'tulo zidatsika kuposa theka. Agogo amaopa kuti mwana atsamwa akabweza mkaka, ndipo mantha awo tikuwamvetsa. Koma mwana akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba pa njira ya chakudya, choncho mkakawo sulowamo wamba.

Khanda limagona maola 14 mpaka 17 patsiku, koma modukizadukiza, n'kumadzuka pakapita maola awiri kapena atatu kuti liyamwe. Usana ndi usiku silinayambe kusiyanitsa. Likalira pakati pa usiku tisathamangire kunena za majini. Kawirikawiri imakhala njala. Shariah idapumitsa mayi pa Swala m'masiku a nifasi, ndiye bambo wodzukira Swala ya Subuhi angalephere bwanji kunyamula mwana kuti mayiyo atsinzineko?

Za moto Chisilamu chidanena kale. Imam Bukhari adalemba kuti nyumba ina itapsa usiku ku Madinah, Mtumiki adalamula kuti moto uzizimitsidwa pogona. Komabe m'miyezi yozizira ya June ndi July timalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka, wopanda fungo, umene umapha ngakhale akuluakulu ali m'tulo.

M'nyumba zambiri mphasa ndi imodzi, ndipo sitinganene kuti aliyense agule kabedi ka mwana. Chotheka n'chakuti khanda ligone pambali pa mayi, osati pakati pa makolo kapena pafupi ndi ana okulirapo, popanda pilo kapena bulangete lolemera lofika kumaso, komanso kutali ndi utsi wa fodya. Kuno kufupi ndi mtsinje wa Shire udzudzu ngwochuluka, choncho neti ikungidwe usiku uliwonse, koma isalendewere pankhope ya mwana.

Wobadwa masiku asanakwane ali ndi njira yake ya kangaroo, yomukhazika pachifuwa khungu kukhudzana ndi khungu, imene m'Malawi muno idayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Pa mwana wotere titsate malangizo amene anamwino apereka potulutsa mayi m'chipatala.