MBAULA M'NYUMBA YOTSEKA

Ku Katondwe, m'boma la Luangwa limene kale linkachedwa Feira, ndi dziko lotentha koposa. M'mwezi wa Okutobala kutentha kumafika madigiri 40, ndipo msodzi amene wabvuula nsomba mu mtsinje wa Luangwa m'mamawa adziwa kuti akapanda kuziwamba kapena kuzithira mcere, pofika madzulo zidzakhala zitayamba kununkha. M'mwezi wa Juni nsomba zomwezo zimakhalitsako. Nayenso mai wofulula mowa adziwa kuti mowa umawira msanga m'nyengo yotentha.

Cifukwa cace ncimodzi. Kuola, kuwira ndi kupsa, zonsezi ndi kusandulika kwa zinthu, ndipo kusandulika kulikonse kuli ndi liwiro lace. Zinthu zonse nzopangika ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo kuti tisandulike tiyenera kugundana mwamphamvu. Kukatentha timathamanga kwambiri, motero timagundana kawirikawiri. Svante Arrhenius wa ku Sweden analongosola masamu ace m'caka ca 1889. Pa zinthu zambiri, kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro limaonjezeka pafupifupi kawiri.

Koma si kutentha kokha kumene kulamulira liwiro ai. Munthu woocha makala m'cigwa ca Luangwa amaunjika mitengo, naikwirira ndi udzu ndi dothi, nasiya timabowo tocepa. Atero kuti amane moto cakudya cace, ndico mpweya wochedwa okosijeni, umene uli gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya umene anthu apuma. Moto womanidwa umanyeka pang'onopang'ono masiku angapo nusiya makala. Dothi likagumuka usiku mwini ali m'tulo, mpweya umalowa wambiri, ndipo m'mawa amapeza phulusa lokhalokha, thukuta lace lonse litapita pacabe.

Makala otere ndiwo amagulidwa m'makomboni a ku Lusaka ndi a ku migodi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, cisanu cikalimba, ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba, natseka citseko ndi mazenera, ena mpaka kutseka ming'alu ndi nsanza. Apatu ndi pamene pali tsoka. Makala akamanyeka pamene okosijeni ali wocepa, amaturutsa mpweya wakupha wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo sutsokomoletsa. Ambiri amaganiza kuti mbaula ikaleka kufuka utsi, makala atafiira bwino, ndiye kuti yakhala yabwino. Kumeneku nkudzinyenga, pakuti makala ofiira amaturutsabe mpweyawo.

M'magazi a munthu muli cinthu cofiira cochedwa hemoglobini. Nchito yace ndiyo kunyamula okosijeni m'mapapo ndi kukamtula ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Kunyamulaku sikwa mbali imodzi: hemoglobini imagwira niitaya, niigwiranso, kosalekeza. Pamene kugwira ndi kutaya kulingana liwiro, akatswiri amati zinthu zafika pa mlingano. Munthu woona kunja angayese kuti zonse zaima, koma zili ngati bwato la pa dooko limene liolotsa anthu khumi nilibweza khumi: tsidya lililonse cinamtindi ca anthu sicicepa, cinkana bwato silipuma.

Carbon monoxide nayo imafuna malo omwewo pa hemoglobini, ndipo imagwira mwamphamvu koposa okosijeni kopitirira nthawi 200. Cotero ngakhale itacepa kwambiri m'cipinda, usiku ukamapita imalanda malo ambiri. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi mseru, miyendo niilefuka. Amene ali m'tulo samva kanthu konse. Makanda ndi amai apakati ndiwo amagonja msanga. Banja lonse likadzuka ndi mutu tsiku limodzi, anthu amathamangira kunena malungo kapena kuloza cala mnansi, pamene woipayo ali cikhalire pakati pa nyumba.

Anchito a m'migodi aidziwa kale nkhani imeneyi, pakuti mpweya womwewo umapezeka m'utsi wotsala ataphulitsa miyala, ndipo ndico cifukwa cace saloledwa kubwerera kumalowo mphepo isanaucotse. John Scott Haldane wa ku Scotland anaupuma dala mpweyawu m'caka ca 1895, nalemba mmene thupi lace linali kumvera. M'caka ca 1896 anapita ku mgodi wa malasha wa Tylorstown ku Wales, umene unaphulika, napeza kuti ambiri mwa akufawo anaphedwa ndi carbon monoxide, osati ndi moto. Ndiye amene analangiza kutsika pansi ndi tinyama tating'ono monga mbewa ndi mbalame, timene timakomoka munthu asanamve kanthu.

Cipulumutso cili mu mlingano womwewo. Henri Le Chatelier wa ku France ananena m'caka ca 1884 kuti mlingano ukaonjezedwa cinthu mbali imodzi, umapendekera ku mbali inayo. Carbon monoxide igwira zolimba, komabe nayonso imataya. Munthu akaturutsidwa panja, imene yataya imacoka ndi mpweya wopuma, ndipo palibe ina yolowa m'malo mwace. Koma liwiro lace ndi locepa: pa mpweya wamba pamapita maola anai kapena asanu kuti theka licoke. Akapatsidwa okosijeni yekhayekha ku cipatala, theka limacoka pa ola limodzi ndi theka, kapena kuceperapo, cifukwa okosijeni wocuruka amaikankha pa malo ace.

Cotero wopeza mnzace atakomoka pafupi ndi mbaula ayambe watsegula citseko ndi mazenera, amkokere panja, amgoneke cam'mbali, ndipo aturutse mbaulayo. Asataye nthawi ndi kumthira mkaka m'kamwa. Mkaka umapita m'mimba, pamene ululu uli m'magazi, ndiponso munthu wokomoka angatsamwe nao. Ngakhale wodwalayo atsitsimuke nanena kuti ali bwino, apite nayebe ku cipatala capafupi, monga ca misyoni ku Katondwe kwa anthu a kumeneko, pakuti ena amayamba kuiwala-iwala ndi kusokonezeka maganizo patapita masiku kapena masabata. Mbaula iothedwe pakhonde kapena pamene mphepo ipita, ndipo nthawi yogona ikakwana, igone panja.