Mwana akamalemera mosadziwika bwino: dinani phazi, yezani msinkhu

Kuno kunyanja mwana wonenepa ndi ulemu wa banja. Mayi akatsika naye kudoko, anzake amamulandira m'manja, kumutsina masaya, n'kumati, "Koma ndiye mukudyetsatu!" Agogo nawo mtima umakhala m'malo, paja iwo anaona ana ambiri akuonda mpaka kutisiya. N'chifukwa chake mwana wa chaka ndi theka kapena zaka 2 akayamba kulemera kumsana, kamalaya n'kumamuthina, palibe amene amafulumira kudandaula.

Komatu kulipo kunenepa kwina kodabwitsa. Chakudya pakhomo sichinasinthe, mwinanso chachepa, koma mwana akungolemera. Kapena abale ake onse ndi a thupi laling'ono, akudya mbale imodzi, iye yekha ndiye akukula chammbali. Apa m'pofunika kufunsa, chifukwa pali zinthu zitatu zomwe ndi maso zimaoneka zofanana: mafuta a m'thupi, madzi otupitsa thupi, ndi mphamvu ya mankhwala ena. Mafuta amavulaza pang'onopang'ono pa zaka zambiri, pomwe madzi otupitsa angathe kutenga mwana m'masiku ochepa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi mwana amayenera kulemera bwanji?

Mwana wobadwa bwino amalemera makilogalamu 3 kapena kuposerapo pang'ono. Pofika miyezi 5 kapena 6 kulemerako kumakhala kutawirikiza kawiri, ndipo pokwana chaka kumakhala kutawirikiza katatu. Kuchokera pamenepo liwiro limatsika. M'chaka chachiwiri mwana amangowonjezera makilogalamu 2 kapena 3, kenako pafupifupi makilogalamu 2 pa chaka. Pa muyeso wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mnyamata wa zaka 2 wa thupi lapakatikati amalemera makilogalamu 12, mtsikana 11 ndi theka. Ena amaposa pang'ono, ena amachepera pang'ono, onsewo ali bwinobwino.

Ndiye kuti mwana akayamba kuyenda, masaya ndi mapindi a m'ntchafu amayenera kuyamba kuchepa. Amayi ambiri amada nkhawa ndi zimenezi, n'kumati mwana waonda, chonsecho ndi mmene thupi limakulira. Chodetsa nkhawa ndi mzere wa m'buku la kusikelo ukakwera mwadzidzidzi, monga mwana kuwonjezera kilogalamu yathunthu m'milungu iwiri kapena itatu. Mafuta sabwera msanga chomwecho. Chimene chimabwera msanga ndi madzi.

Kuyeza koyamba: dinani phazi

Uku ndi kuyeza kosalira ndalama, ndipo aliyense angathe. Mukhazikeni mwana pamiyendo, mugwire mapazi onse awiri, mudine pamwamba pa phazi lililonse ndi chala chachikulu. Werengani pang'onopang'ono mpaka 3, kenako chotsani zala. Mwana wonenepa ndi mafuta, khungu lake limabwerera nthawi yomweyo. Koma pakatsala kadzenje pamapazi onse awiri, ngati mmene chala chimasiyira pansima yofewa, mwanayo sananenepe ayi. Watupa.

Kutupikana kotere, komwe achipatala amati kwashiorkor, ndi mtundu woopsa wa kunyentchera. Kumakonda ana a chaka chimodzi mpaka zaka 3, makamaka amene angosiya kumene bere n'kumangodya phala la ufa woyera, kondowole kapena chinangwa, popanda nsomba, nyemba, dzira kapena nsinjiro. Nthawi zambiri kumatsatira matenda ena monga kutsegula m'mimba kapena chikuku, ndipo kumachuluka m'miyezi ya dzinja pamene nkhokwe zapepuka. Kutupa kumayambira kumapazi, kukwera kumiyendo, kumanja mpaka kumaso. Tsitsi limafiira ndi kuthothoka, khungu limasupuka ngati lapsa, mwana amangokhala duu kapena kumangonyinyirika, chakudya osachifuna. Pa sikelo amaoneka ngati wakwera, ndipo apa m'pamene makolo ambiri amapusitsika.

Ena kutupa kotere amati ndi tsempho kapena mdulo, pa Chiyao amati ndaka, ndipo banja limayamba kufufuza kuti walakwa ndani. Nkhani za m'banja zingathe kukambidwa pambuyo pake. Mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa masiku otayika pofunsana ndi omwe amapha. Kuchipatala mwana wotupa kwambiri kapena wokana kudya amagonekedwa n'kumapatsidwa mkaka wapadera. Wotupa pang'ono amene akudya amalandira chiponde chokadyera kunyumba, n'kumabwera kudzaonedwa. Chipondecho ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake.

Impso nazo zimatupitsa. Mwana wa vuto la impso amadzuka m'mawa zikope zitatupa, pofika madzulo kutupa kwatsikira kumiyendo ndi kumimba. Mkodzo umachepa, umachita thovu, nthawi zina umada ngati tiyi, makamaka mwana akakhala kuti anali ndi zilonda za pakhungu kapena mphere milungu ingapo yapitayo. Achipatala amayamba ndi kuviika kapepala koyezera mumkodzo. Mimba yokha ikakula, manja ndi miyendo ili yowonda, kumenekonso si kunenepa. Zingathe kukhala njoka za m'mimba, kapamba wotupa ndi malungo obwerezabwereza, kapena likodzo, lomwe kuno kunyanja silisowa.

Kuyeza kwachiwiri: msinkhu

Phazi likapanda kusiya kadzenje, funso lotsatira ndi la msinkhu. Mukapita kusikelo, pemphani alangizi a zaumoyo kuti mwana ayezedwenso kutalika, osati kungomupachika pa sikelo basi. Wosakwana zaka 2 amayezedwa atagona pathabwa, wopitirira apo ataimirira. Kulemera pakokha sikunena zonse. Makilogalamu 14 kwa mwana wamtali ndi nkhani ina, kwa mwana wamfupi ndi nkhani inanso.

Madokotala a ana amagwiritsa ntchito chizindikiro ichi: mwana wonenepa chifukwa cha zakudya nthawi zambiri amakhalanso wamtali bwino, mwina kuposa anzake. Koma mwana amene akunenepa uku msinkhu utaima, ameneyo ngofunika kumufufuza. Mwina chithokomiro chake sichikugwira ntchito mokwanira. Mwana wotere amakhala wofooka, wokonda kugona, wodzimbidwa, khungu louma, ndipo amachedwa kumera mano, kuyenda ndi kuyankhula. Vutoli limapezeka poyeza magazi, ndipo mankhwala ake alipo. Palinso matenda ena obadwa nawo, osowa kwambiri, monga otchedwa Prader-Willi. Mwana wake amabadwa wolobodoka, wolephera kuyamwa bwino, koma akamakula amayamba kunenepa ndi kumva njala yosatha. Zoterezi siziyezedwa pachipatala chaching'ono. Amakutumizani kuchipatala cha boma ngati cha Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, ndipo pakafunika amakupititsani ku Zomba, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tisaiwalenso kuti kuno kwathu ufupi wa ana ambiri umachokera ku kupinimbira. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira ndipo pafupifupi 5 anali onenepa kupyola muyeso. Mwana mmodzi angathe kukhala nazo zonse ziwiri: wamfupi chifukwa thupi likusowa zomangira, wonenepa chifukwa likulandira shuga ndi mafuta ochuluka.

Funso lachitatu: wamwa chiyani, wadzola chiyani?

Pali mankhwala amene amanenepetsa mwana mwachinyengo. Odziwika kwambiri ndi prednisolone ndi dexamethasone. Ndi mankhwala ofunika dokotala akalemba pa matenda monga mphumu kapena vuto la impso lija, koma ena amangogula pamsika n'kumapatsa mwana akatsokomola, kapena dala kuti anenepe. Akamwedwa nthawi yaitali nkhope imazungulira ngati mwezi, mafuta amaunjikana pamimba ndi kumbuyo kwa khosi, miyendo ili yowonda, msinkhu n'kuima. Chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo matenda amamugwira mosavuta.

Mafuta ena odzola a m'kachubu, kuphatikizapo ena oyeretsa khungu omwe akuluakulu amadzola, ali ndi mankhwala a gulu lomweli. Kupaka mwana mafuta otere pazotupa za thewera tsiku ndi tsiku kumalowetsa mankhwalawo m'thupi, poti khungu la mwana ndi lopyapyala. Palinso mankhwala amadzi opatsa chilakolako cha chakudya, okhala ndi cyproheptadine, omwe si oyenera mwana wosakwana zaka 2.

Chenjezo lalikulu ndi ili: ngati mwana wakhala akumwa prednisolone kapena dexamethasone kwa milungu ingapo, musamusiyitse lero ndi lero. Thupi limakhala litazolowera, ndipo kusiya mwadzidzidzi kungamugwetse. Tengani botolo kapena kapepala ka mankhwalawo mupite nako kuchipatala, akakuuzeni kachepetsedwe kake. Musachite manyazi kunena zoona. Dokotala akadziwa chimene mwana wamwa, ntchito yake imaphweka.

Zikakhala kuti ndi zakudya

Ana ambiri onenepa kupyola muyeso alibe matenda obisika. Nkhani imakhala pa zomwe zimalowa m'kamwa pakati pa chakudya cha m'mawa ndi cha madzulo, zomwe mayi sawerengera akamati "mwanayu sadya zambiri." Taganizani tsiku limene usipa waphedwa wambiri. Mayi ali pathandala kuyambira m'bandakucha, kuyanika, kufutsa, kutsatsa malonda. Mwana akalira, njira yachidule ndi kumugulira mandasi, bisiketi, jigisi kapena filizesi. Amalume akatsika m'boti amamugulira chakumwa cha m'botolo. Agogo amamupatsa tiyi wa shuga wambiri. Aliyense wapereka kamodzi kokha, koma mimba yolandira ndi imodzi. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8.

Chinanso ndi kusayenda. Poopa madzi, ng'ona ndi moto wowambira nsomba, mayi amabereka mwana tsiku lonse, kapena kumukhazika pamkeka ndi foni m'manja. Manthawo ndi omveka. Koma malangizo a WHO amati mwana wa chaka chimodzi kapena zaka 2 azisewera moyendayenda maola osachepera 3 pa tsiku, asamangidwe kumsana kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, ndipo azigona maola 11 mpaka 14 kuphatikizapo tulo ta masana. Wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena kanema. Amayi a pathandala limodzi angathe kugwirizana kuti mmodzi, mosinthana, aziyang'anira ana pamthunzi kutali ndi madzi.

Kunenepa kwa zakudya sikupha msanga, koma mwana wake amavutika kuthamanga, amaliza mkonono usiku, mano amabowoka, miyendo nthawi zina imapindika. Akakula nako, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amamupeza adakali wamng'ono. Kuwongola mtengo m'poyamba.

Musamumane chakudya

Mwana wamng'ono sachepetsedwa thupi pomugoneka ndi njala, kapena pomumwetsa mankhwala otsegula m'mimba. Ubongo ndi mafupa zikukula, zikufuna chakudya. Cholinga n'chakuti kulemera kuyende pang'onopang'ono, msinkhu upeze thupi. Chosintha ndi mtundu wa chakudya.

Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 2 adye katatu kapena kanayi pa tsiku, m'mbale yakeyake kuti muone zomwe wadya, ndi kachakudya kopepuka kamodzi kapena kawiri. Magulu 6 a zakudya omwe amaphunzitsa kusikelo aja, ambiri tili nawo pakhomo. Usipa wouma kapena bonya mukazinge pang'ono, musinje, musefe, muzithira supuni imodzi m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro ndi masamba monga bonongwe, chisoso kapena nkhwani. Nsomba yaing'ono yodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe imamanga mafupa ndi magazi. M'malo mwa bisiketi mupatseni nthochi, papaya, bango kapena mbatata yofiira m'kati. Akamva ludzu amwe madzi otetezedwa, osati sikwashi. Akatembenuza nkhope kuti wakhuta, musamukakamize.

Bere lisasiyidwe chifukwa choti mwana wanenepa. Achipatala amalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira, ndipo Qur'an nayo, mu Sura Al-Baqarah, imatchula zaka ziwiri zathunthu za kuyamwitsa. Chofunika kuchotsa ndi botolo la mkaka wothira shuga kapena phala lamadzimadzi lomwe ena amagonetsera mwana usiku.

Popita kuchipatala

Nyamulani buku la kusikelo, mankhwala onse omwe mwana wamwa kapena kudzola, achizungu ndi achikuda omwe, ndipo kumbukirani zonse zomwe wadya ndi kumwa dzulo lake, kuphatikizapo zopatsidwa ndi achibale. Nenani nthawi imene munayamba kuona kusinthako. Pitani tsiku lomwelo ngati mapazi akusiya kadzenje, nkhope yatupa, mkodzo wachepa kapena wasintha mtundu, mwana akupuma movutikira kapena akukana kudya.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Ndinu amene mumaganiza kuti nsomba zingati zipite kwa ogula ndi zingati zitsale pakhomo, ndinunso amene mumatulutsa ndalama ya ulendo wa kuchipatala. Musanagulitse zonse, patulani kambale ka usipa ka ana. Ndipo tsiku lina mukaweruka kunyanja, munyamuleni mwana wanu, mudine mapazi ake, mutsegule buku lake la kusikelo muone mmene mzere ukuyendera.