MAIKO ATATU NDI OTHYOLA TIYI A KU RUDA

RUDA.—Munthu akaima pa Ruda, m'cigwa ca Honde kumpoto kwa Mutare, aona mapiri a Nyanga ca kumadzulo, ndipo akaceukira kum'mawa maso ace agwera m'dziko la Mozambique. M'cigwamo muli minda ya tiyi ya Eastern Highlands ndi Aberfoyle, yolimidwa kuyambira zaka za m'ma 1950. Kumwera, ku Chipinge, kuli minda ya Tanganda imene iri yakale koposa, pakuti tiyi anayamba kubzalidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1920. M'makomboni a mindayi Cinyanja cimvekabe, cifukwa ena mwa anchito ndiwo ana ndi adzukulu a anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Tete amene anatsata nchito nachona. Awerengi athu akafuna kudziwa kusiyana kwa maboma a maiko athu ano, ayambe ndi funso la anthu awa: kodi ndife a dziko liti, ndipo tibvota kuti?

Pa nthawi ya Citaganya, kuyambira 1953 kufikira pa 31 December 1963, funsoli silinali kubvuta Mnyasa, pakuti Nyasaland ndi Rhodesia zinali pansi pa denga limodzi, ndipo ambiri analibe ufulu wa kubvota konseko. Poyamba m'Nyumba ya Malamulo ya Citaganya munali mipando 35, ndipo anthu akuda anali ndi isanu ndi umodzi yokha. Citatha Citaganya maikowo anapatukana njira. Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, Zambia pa 24 October caka comweco, onse awiri mwa zokambirana ndi cisankho. Koma ku Southern Rhodesia Azungu anali ambiri ndipo nthaka yabwino inali m'manja mwao. Motero Ian Smith anadzicotsa pansi pa Britain pa 11 November 1965, ndipo anthu akuda anatsala ndi njira ya mfuti. Mozambique nayenso anaomboledwa ndi mfuti m'manja mwa Apwitikizi, nalandira ufulu pa 25 June 1975.

Nkhondoyo inawawa kwambiri m'cigwa ca Honde, popeza ndimo munali njira ya ankhondo a ZANLA ocokera ku Mozambique. Anthu a m'midzi anasonkhanitsidwa m'mipanda ya waya yolondedwa ndi asilikali. Mu December 1976 amuna 27 anchito a pa munda wina wa tiyi anatulutsidwa m'komboni usiku naomberedwa pamaso pa akazi ndi ana ao. Boma la Smith linati anacita izi ndi zigawenga, atsogoleri a anthu akuda anakana. Ngakhale dziko la Zimbabwe litabadwa pa 18 April 1980, mtendere sunakhalitse m'malire muno, cifukwa gulu la Renamo, limene akazitape a Rhodesia anathandiza kuliyambitsa, linayamba kuoloka mu 1987 kudzaononga midzi ndi minda. Pa Tongogara, m'boma la Chipinge, panali cigono ca othawa nkhondo ya ku Mozambique.

Tsono pano ndi pamene pali cinthu cozizwitsa. Malawi ndi Zambia, amene anapeza ufulu mosakhetsa mwazi wambiri, anasanduka msanga maiko a cipani cimodzi: Malawi mu 1966, Zambia mu 1972, ndipo Dr. Kamuzu Banda anapatsidwa upulezidenti wa moyo wace wonse mu 1971. Zimbabwe sanakhalepo dziko la cipani cimodzi mwa lamulo. Zisankho zacitika kumeneko nthawi ndi nthawi, ndipo anthu a ku Chipinge anachuka ndi kukana ZANU-PF, nasankha cipani ca M'busa Ndabaningi Sithole mu 1985, 1990 ndi 1995. Koma taonani zotsatira zace. A Kenneth Kaunda anagonja pa cisankho ca 1991 napereka mpando kwa a Frederick Chiluba. Ku Malawi, itatuluka kalata ya mabishopu mu March 1992, anthu anabvota pa 14 June 1993, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu ali onse anafuna zipani zambiri. Pa 17 May 1994 a Bakili Muluzi anapambana ndipo Ngwazi inabvomereza. Kucokera apo Pulezidenti wokhala pa mpando wagwa pa cisankho mu 2014, mu 2020 pamene bwalo la milandu linathetsa cisankho ca 2019, ndiponso mu 2025. Ku Zimbabwe cipani cimene cinalowa mu 1980 sicinaturukepo. A Morgan Tsvangirai anatsogola pa cisankho ca March 2008, koma ciwawa cinacuruka kotero kuti anadzicotsa pa cisankho cobwereza. Ndipo a Robert Mugabe potsiriza anacotsedwa ndi asilikali ao omwe mu November 2017. Ku Mozambique pangano la ku Rome la 4 October 1992 linathetsa nkhondo, zisankho zinayamba mu 1994, koma Frelimo yalengezedwa kuti yapambana zonse.

Ife tiganiza kuti gwero la kusiyanaku liri pa asilikali. Ku Malawi gulu la nkhondo silinabadwe m'cipani, ndipo mu December 1993 ndilo linalanda zida za Apayoniya, dzanja lamanja la Malawi Congress Party. Kumene cipani ndi asilikali anabadwira pamodzi m'chire, akuluakulu amayesa kuti dziko analigula ndi mwazi, ndipo kapepala ka bvoti sikangawalande. Tisadzitame nazo Amalawi: kusintha atsogoleri sikunadzaze nkhokwe, ndipo ana athu akali kuturuka m'dziko kukafuna nchito monga anacitira agogo ao.

Nanga wothyola tiyi uja? Pa cisankho ca 1993 sanabvote, pakuti Malawi salola kubvotera kunja. Ku Zimbabwe nako, anthu atakana malamulo atsopano a boma mu February 2000, anchito a m'mafamu anayamba kuganiziridwa kuti ali mbali ya Azungu ndi ya cipani cotsutsa ca MDC. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: munthu ali yense woyenera unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti aukane motsata malamulo a dzikolo, apo ai ataya unzika wa Zimbabwe. Taganizani mai wobadwira m'komboni, wosadziwa ngakhale dzina la mudzi wa atate ace ku Mulanje, auzidwa kuti apite ku Harare kukakana dziko limene sanapondemo! Ambiri sanathe. Zitupa zao zinawachula alendo, ndipo pa cisankho ca March 2002 maina a ambiri anasowa m'kaundula. M'masiku amenewo a Mugabe ananyoza anthu otere kuti alibe mutupo, ndiko kuti ciwongo. Nkhani yodabwitsa kwa a Phiri, a Banda ndi a Mwale.

Malamulo akulu a Zimbabwe a 2013 anakonzako mlanduwu. Anati munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanafalitsidwe, amene kholo lace ndi la dziko lina la SADC, ndipo iye akhala m'Zimbabwe, ali nzika mwa kubadwa. Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi nayonso inalola unzika wa maiko awiri mu 2018. Koma lamulo lilembedwa ku Harare, ndipo citupa cisinthidwa kwa mlembi wa boma, amene ayamba wafuna kalata ya kubadwa. Mwana wobadwira m'komboni m'masiku a nkhondo kawirikawiri alibe kalatayo, ndipo popanda iyo nkobvuta kuti ana ace apatsidwe yao.