MAFUTA OYELETSA KHUNGU: ZIMENE ZITHUNZI SIZIKUUZANI

Kukhulupilila kuti mkazi wokongola ndi woyela khungu kunakula ndi malonda. Magazini ya Drum, imene inayamba ku South Africa mu 1951 ndipo inali kuwelengedwa mpaka kuno kwathu, inali kudzala ndi zithunzi zotsatsa mafuta monga Artra ndi Ambi. Uthenga wake unali umodzi: yeletsa khungu, upeze nchito yabwino ndi mwamuna. Masiku ano uthenga womwewo ukubwela pa foni kudzela pa Facebook ndi TikTok, ndipo zithunzi zambili amayamba azikonza ndi makina.

Khungu lathu lili ndi cinthu cochedwa melanin. Ndico cimalipatsa mtundu wakuda ndi kuliteteza ku dzuwa. Mafuta oyeletsa amacepetsa melanin ameneyu, ndipo ambili a iwo ali ndi cimodzi mwa zinthu zitatu izi.

Coyamba ndi hydroquinone. Miyezi yoyamba nkhope imayeladi. Koma mukadzola nthawi yaitali, pamasaya ndi pamphumi pamabuka mabanga akuda bii okhakhala, ovuta kwambili kucilitsa. Madokotala a ku Pretoria anafotokoza matendawa mu 1975, ndipo mu 1990 boma la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola.

Caciwili ndi mercury, amene amapezeka m'sopo ndi m'mafuta ena. Amalowa m'magazi kudzela pakhungu n'kuononga impso ndi minyewa. Munthu amatupa nkhope ndi miyendo, manja amanjenjemela. Mwa mai wapakati kapena woyamwitsa, poizoniyu amafika ndi kwa mwana.

Cacitatu ndi mankhwala a m'tumacubu monga clobetasol ndi betamethasone, amene ena amasakaniza ndi mafuta odzola. Awa ndi mankhwala a cipatala, oyenela kudzola masiku owelengeka pa matenda ena a pakhungu. Mukawadzola thupi lonse kwa miyezi, khungu limapyapyala, limacita mizele, ziphuphu ndi zipele, ndipo cilonda cimacedwa kupola. Izi zimavutitsa kwambili mai amene wabeleka mwa opaleshoni. Angathenso kukweza BP ndi shuga.

Nanga mucite ciani?

Welengani zolembedwa pa botolo musanagule. Mafuta ogulitsidwa pamsika m'tumabotolo topanda dzina asiyeni, ngakhale wogulitsa akhale mnzanu wa m'komboni.

Ngati mwakhala mukudzola mankhwala a m'tumacubu kwa nthawi yaitali, musaleke tsiku limodzi. Khungu limayabwa ndi kufiila, ndipo thupi lingafooke. Bwelani ku kiliniki, mutenge botolo kapena kacubu kanu, tikuthandizeni kucepetsa pang'onopang'ono. Palibe amene adzakusekani.

Amai apakati ndi oyamwitsa, pewani mafuta oyeletsa a mtundu uliwonse. Musadzoze mwana ngakhale pang'ono: khungu la khanda ndi lopyapyala, mankhwala amalowa msanga.

Ngati muli ndi ziphuphu kapena mabanga, pitani mukapimidwe, cifukwa mankhwala ake oyenela alipo.

Azibambo, nkhani iyi ikukhudzani. Mwamuna akamayamikila akazi oyela okhaokha, mkazi wake ndi ana ake aakazi amamva. Makolo, lekani kuchula mwana wanu kuti "cakuda ici" pomuyelekeza ndi m'bale wake. Wotsatsa malonda afuna ndalama zanu, koma impso zikaonongeka, wogona m'cipatala ndi inu.