Kufufuza Vuto pa Tizipangizo Toyeza Chinyezi m'Madimba a m'Tauni

M'madera okhala anthu ambiri mumzinda wa Harare, monga Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, mabanja amalima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Ena angathe kudzilumikizira okha tizipangizo toyeza chinyezi cha m'nthaka ndi madzi a m'thanki, totumizirana uthenga popanda mawaya mwa njira ya Zigbee.

Kachipangizo kakasiya kutumiza uthenga, mlangizi asafulumire kunena kuti kawonongeka. Tizipangizo toyendera mabatire sitipatsira uthenga wa tinzake. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi tolumikizidwa kumagetsi. Motero magetsi a ZESA akazima, monga mu 2019 pamene ankazima mpaka maola 18 patsiku, njira ya uthenga imaduka ngakhale mabatire ali bwino. Mwini dimba akadalira nambala yadzulo amaleka kuthirira, mbewu n'kufota. Tizipangizo topatsira uthenga, pamodzi ndi kolandira, tiyenera kulumikizidwa ku batire la sola.

Vuto likapitirira magetsi alipo, mlangizi aone ngati pakati pa tizipangizoto pali thanki yodzaza madzi, malata kapena mpanda wasimenti. Atalikitsenso kolandira uthenga ndi rauta ya Wi-Fi, popeza zonsezi zimagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz ndipo zimasokonezana.